Mng'alu wa Sitolo ya Thonje

Sabata yonseyo chakudya sichinkamulowa Lonjezo. Eni malo ku Limbe anali atasankha pulani ya mng'ono wake, Pemphero, n'kusiya yake. Lonjezo ankafuna kuti sitolo yakale ya thonje igwetsedwe, pamere nsanjika imodzi yaitali. Pemphero anaisiya sitoloyo pakati, ndi khonde lake la mizati ya njerwa, maofesi agalasi n'kuizinga mbali zitatu. Aliyense pakamwa panali Pemphero. Kamwana kadzulodzulo, kamene iye yemwe anakalowetsa ntchito!

Popeza Lonjezo ndiye ankadziwa za maziko, anamutuma kukayeza makoma akalewo. Anapeza mng'alu umodzi, wa pulasitala chabe. Koma mumtima anali atamanga kale mfundo: pamsonkhano wa madzulo akanena kuti maziko anafumbwa. Sitolo ikagwa, pulani ya Pemphero igwera limodzi.

Masanawo kunatentha. Anakhala pakhonde la sitoloyo atatsamira mzati, tulo n'kumuba.

Phokoso la magalimoto linazilala, kuli zii. Kunabwera fungo la dothi lonyowa ndi utsi wa uvuni. Patsogolo pake panagwada nkhalamba ya kabudula wakhaki ikuyala njerwa, matope ataumira m'zigongono. Anaizindikira ndi chala chake choduka. Anali malemu agogo ake, a Chimbalanga, amene pa unyamata wawo anali m'gulu la omanga sitoloyo.

Agogowo sanatembenuke. Anagogoda njerwa kuti ikhazikike, kenaka anayankhula motsitsa.

"Ndamva ukuti maziko anga anafumbwa."

"Sindinanene, agogo."

"Mumtima wanena kale. Ngati uli ndi chifukwa ndi mng'ono wako, kakambe naye. Ine usandinamizire."

Anamugwira mkono n'kuika chikhatho chake pakhoma. Zala zawo zinali zozizira ngati mwala wam'madzi.

"Likankhe."

Lonjezo anakankha mpaka mapewa kuwawa, thukuta kamukamu. Khoma silinasunthe.

"Ukagwetsa ili ndi bodza, chako sichidzaima."

Anadzidzimuka wina akumugwedeza phewa. Anali Pemphero, mapepala m'khwapa.

"Achimwene, anthu aja afika."

Pamsonkhanopo mkulu wa eni malo anafunsa mosazungulira: kodi sitoloyo ipirira? Lonjezo anayang'ana mng'ono wake, yemwe anali atazyolika. Bodza lija linali pamlomo penipeni. Koma anayankha kuti:

"Mng'aluwo ndi wapamwamba chabe. Makomawa tonsefe tidzafa n'kuwasiya ali chiimire."

Anthu anaomba m'manja, onse akuyang'ana Pemphero. Nsanje inamulumanso Lonjezo pachifuwa, koma anadikira mpaka onse anatuluka.

"Ndimaopa, achimwene," anatero Pemphero. "Ndimadziwa kuti zinakupwetekani."

"Zikundipwetekabe," anayankha Lonjezo. Kenaka anakoka mpando. "Denga lako lakum'mawa lizithira madzi pakhonde la agogo. Tambasula apa tikonze, dzinja lisanatipeze."