Kagetsi Kachikasu pa Galimoto ya a Mackson

Mayi Kettie anakhoza mayeso oyendetsa galimoto ulendo woyamba, koma kunyumba kwawo ku Chinsapo laisensiyo inkangogona m'kachikwama. Amuna awo, a Mackson, anali ndi chigalimoto chamsinkhu, cha matayala akuluakulu, chija chimadutsa pamatope anzake atatitimira. Ankachikonda mopusa, moti pochitsuka ankachilankhula.

Tsono kumudzi kwa a Kettie, kuseri kwa Njewa, kunali chinkhoswe cha mng'ono wawo Loweruka. A Mackson, monga mlamu wamkulu, anagula mbuzi, ndipo poopa akuba ankaisamala okha: madzulo kukaimanga okha, m'mamawa kukaimasula okha. A Kettie za mbuzi analibe nazo ntchito. Mtima wawo unkafuna chinthu chimodzi, kukafika pakhomo pa mayi awo atagwira chiwongolero, chifukwa mayiwo ankakonda kunena kuti pamtundu pawo palibe mkazi anapalasapo ngakhale njinga. Anapempha, ananyengerera, mpaka bambo analola kuti ayesere kaye ulendo wa kumsika. Anapitadi n'kubwerako.

Kutacha, a Mackson ataliza galimoto, kagetsi kachikasu kolembedwa ABS kanayaka osazimanso.

"Amake Miracle! Tabwerani mudzaone ntchito za manja anu."

"Ine ndangofika pamsikapa n'kubwerera."

"Ndi mabuleki amenewa. Mumawaponda ngati mukupha njoka."

Anapita nayo ku Biwi kwa Shafiq, makaniko wawo, ndipo a Kettie anakwera nawo poti mlandu sazenga mwini palibe. Shafiq analumikiza kamakina kake pansi pa chiwongolero n'kuwerenga.

"Tayala lililonse lili ndi sensa, bwana. Imauza galimoto mmene tayala likuzungulirira, kuti mukaponda buleki mwadzidzidzi pamchenga lisaume n'kumangoseseleka. Ya kumbuyo kumanzereku yasiya kulankhula. Mabuleki akugwira, koma chitetezo chimenecho chazima."

Anapisa dzanja kuseri kwa tayala, anapeza matope ataumirira, pulagi ya sensayo itasomphoka pang'ono. Anapukuta, anaikankhira m'malo, kagetsi kanazima.

"Matope!" anatero a Mackson, nkhope ili ngwee. "Wadutsa m'matope ndani?"

Munthu ungamayese ku Chinsapo kuli msewu wina wa kapeti.

Mawa lake kagetsi kaja kanayakanso, chonsecho a Kettie sanakhudze ngakhale chitseko. A Mackson sanasowe chonena: nthenda anaipatsa ndi mayi, yangoyambiranso. Atafika ku Biwi anaimirira pakati pa galaja, pamaso pa Shafiq ndi amuna ena odikira magalimoto awo, n'kukweza chala.

"Mukhale mboni. Amene wachititsa zimenezi, kaya ndi ndani, chiwongolero ichi asachigwirenso mpaka Khirisimasi."

A Kettie mtima unawawa kwambiri, ndipo mantha anawagwira. Mwina analakwitsadi. Mwina mayi awo ankanena zoona.

Ulendo uno Shafiq anaika jeke n'kuchotsa tayala lonse. Sensa inali yoyera, pulagi ili m'malo. Anayamba kulondola waya ndi zala pang'onopang'ono, mpaka anaima. Ananunkhiza zala zakezo.

"Waya waduka apa."

"Ndinanena ine! Kuponda kuja!"

"Ayi bwana, phazi silifika kuno. Amutafuna."

"Makoswe," anatero bambo wina wodikira.

"Khoswe amadula bwinobwino ngati lezala. Uyu amufwafwantha ngati nzimbe." Shafiq anatola timaubweya toyera, kenako anasolola ulusi wa chingwe cha khonje womwe unakodwa pa limu ya tayala. "Kunyumba kuli mbuzi?"

A Kettie anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana amuna awo.

"Bambo a Miracle, mbuzi ija mumakaimanga pati madzulo?"

A Mackson anatsokomola. Anati nzeru yawo yoimanga ku tayala inali yabwino ndithu: galimoto ili ndi alamu, wakuba akakoka mbuzi galimoto igwedezeka n'kulira. Tsiku loyamba mbuziyo inangokoka pulagi, lachiwiri inadyeratu.

"Basi, wolakwa wapezeka," anamaliza motero, akuyesa kuseka. "Mbuziyo isayendetse mpaka Khirisimasi."

"Mbuzi imadya pomwe aimanga, achimwene," anatero bambo wa makoswe uja. "Anaimanga ndani? Paja mwati tikhale mboni."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. A Kettie sanaseke, ngakhale kuseka kunkawatsamwitsa. Anayandikira, anapinda bondo mwaulemu wonse, n'kutambasula manja awiri. Makiyi anatuluka m'thumba mochedwa zedi, koma anatuluka. Shafiq analumikiza waya, anamukulunga, anamumangirira m'mwamba, ndipo atayendetsa galimoto pang'ono kagetsi kanazima. Anauza a Kettie kuti akaponda buleki mwadzidzidzi izinjenjemera kuphazi, koma asamachotse phazi. Anangochenjeza kuti mkati mwa galimoto mulinso mawaya ambiri, mbuziyo ikakwera pakhale woigwira.

Loweruka a Kettie anavala chilundu chawo chatsopano n'kukhala kutsogolo. A Mackson anakhala kumbuyo ndi suti yawo, atakumbatira mbuzi, yomwe njira yonse inkalimbana ndi tayi. Malangizo ankabwera osaleka, "pang'onopang'ono," "dzenje ilo," koma mbuzi ikalira ankamveka theka.

Akukhotera pakhomo, ana a pamudzi anathamangira galimoto, kamwana kamodzi n'kudutsa kutsogolo kwenikweni. A Kettie anaponda buleki ndi mphamvu zonse pamchenga paja. Buleki inanjenjemera kuphazi, drrr, monga Shafiq anawauzira kuti idzatero, ndipo sanachotse phazi. Galimoto inaima chilili, osaseseleka, kamwana kaja n'kupitirira kakuseka.

Fumbi litatsika, mayi awo anali ataima pakhonde, dzanja lili pakamwa. Anayandikira, anasuzumira pawindo, anaona mwana wawo atagwira chiwongolero, ndipo anaimba nthungululu yomwe inatulutsa anthu m'nyumba zonse. A Kettie misozi inalengeza ndi chimwemwe.

Kenako mayiwo anaona akamwini awo kumbuyo, tayi ili theka. Poti apongozi sayang'anizana m'maso, analankhula mwachifundo akuyang'ana mbuzi.

"Auzeni bambowa asadandaule. Mwana wangayu ndi woleza mtima, nawonso awaphunzitsa."