Chingwe Cholowa M'khoma

Ine ndine munthu wosakhazikika, amayi anandiuza kalekale. Ndiye a Gerson, kalaliki wopuma ntchito, atatula taipi yamagetsi pathebulo langa ku Chipoka, mtima unayamba kuyabwa ndisanaikhudze n'komwe.

Munali mu 1987. Ndinkalembera anthu makalata pakhonde la sitolo ya Che Abbas: ofunsira ntchito kudoko, a milandu, opita kwa ana okhala kutali. Taipi yanga yakale inkafuna mphamvu ngati khasu. Kalata imodzi zala zonse kuwawa, mzere uli mpaka pamtengo wa mango, ena n'kutopa n'kumapita.

"Iyi mumangoigusa, mayi Margret," anatero a Gerson. "Makalata atatu pa nthawi ya imodzi. Muiyese masiku atatu. Mukaikonda, matumba asanu ndi limodzi a mpunga."

Umenewo unali mpunga wonse umene ndinakolola ku Lifuwu chaka chimenecho. Ndinazungulira thebulo kawiri, kukhala pansi, kudzukanso. Che Abbas anangoti kuthamanga sikufika, ngati kuti ndinawapempha mwambi. Komabe anandilola kulowetsa chingwe pawindo mpaka pasoketi ya m'sitolo, yakale ija ndinakaisiya kunyumba.

Koma inkathamanga, abale. Ukangoiyatsa inkang'ung'udza chapansipansi, kudikira mawu. Tsiku loyamba mzere unatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Lachiwiri unatha msanga kuposa pamenepo, ine n'kumasekerera. Sindinaone kuti makalatawo afupika. Mayi wina amene ankadzaza masamba awiri kudandaula za mitengo ya zinthu anangoti, "Lembani kuti tonse tili bwino, tikusamalidwa bwino." Ine, chitsiru, ndinkayamikira makina.

Tsiku lachitatu kunabwera a Yesaya, msodzi wokalamba. Mwana wawo anathawira ku Zambia atalankhula zosayenera pamowa, ndipo makalata ake sankadzera ku positi. Ankawatenga dalaivala wina wa lole ya nsomba zouma yopita ku Mchinji, kamodzi pa masabata awiri. Zimenezi tinkazidziwa atatu basi: iwo, ine ndi dalaivalayo. Ndinkadziwanso kuti akazi awo ali gone, akungotchula dzina la mwanayo, ndipo lole inkanyamuka masana omwewo.

Anakhala pabenchi, chipewa pabondo. Maso awo anatsata chingwe kuchoka pathebulo, kukwera khoma, kulowa pawindo.

"Chingwechi chikuthera kuti?"

"Pakhoma, bambo. Ndi magetsi chabe."

"Nanga kuseri kwa khomako?"

Ndinaseka. Mpaka lero kusekako kumandiwawa.

"Ikung'ung'udza chonchi," anatero motsitsa mawu, "ikulankhula ndi ndani?"

Ndinafotokoza, kubwereza, mawu kuyamba kukwera. Ndinazula chingwe, taipi inakhala chete, koma popanda magetsi sinkalemba ngakhale chilembo chimodzi. Bolopeni inali m'chikwama mwanga momwemo. Sindinaiganizire, ndinali kalikiliki kuteteza makina a eni ake.

"Ndimangodutsa, ndinati ndikupatseni moni," anatero a Yesaya, n'kuvala chipewa.

Lole inanyamuka ndikuiona.

Mukuganiza kuti ndinaibweza tsiku lomwelo? Ayi ndithu. Ndinapempha a Gerson masiku ena. M'mawa ndinkati ndigula, anthu adzazolowera. Masana ndinkati mpunga wanga usapite chifukwa cha chinthu choopseza anthu. Madzulo ndinkayang'ana zala zanga zosatupa n'kusinthanso maganizo. A Gerson ankati anthu akuno ndi mbuli. Ndinawayankha kuti mbuli zimenezo zinaonapo anzawo akutengedwa chifukwa cha mawu amodzi, koma taipi yawo sindinaibweze. Sabata yathunthu inatha chonchi, benchi ili mbee.

Loweruka ndinatopa nazo. Ndinaikulunga m'nsalu yake, kukaitula pakhomo pa a Gerson, n'kusenza yakale ija pamutu kulunjika kwa a Yesaya. Ndinkati tilembe kalatayo pakhomo pawo, idikire lole yotsatira.

Ndisanafike ndinapeza masamba atayalidwa panjira. Ndinaima, taipi ili pamutu: mayi odwala aja anali atatisiya. Ndinaitula pansi pa mtengo n'kukalowa m'nyumba ya siwa kukakhala ndi amayi anzanga. Manyazi anandigwira kuposa chisoni, ndinene zoona.

Titabwerako kumanda, a Yesaya anandikodola. Tinapita kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala loyanikira usipa. Ndinaika taipi pamtondo wovundikira, kulowetsa pepala. Anaizungulira kaye, kusuzumira kumbuyo kwake, ndipo atakhutira anakhala pansi.

Sanandidzudzule. Bola akanatero.

Ndinadikira, zala zili pamabatani.

"Lembani moni monga mwa nthawi zonse," anatero. "Mukatero mumuuze kuti asavutikenso kubwera."