Aliyense Athawe Yekha

Mayi Henderson anasowa ine ndili pakamkeka kuchipinda, ndikuswali swala ya masana. Nditamaliza ndinapita pabalaza n'kupeza mpando uli wokha, bulangete lili pansi, TV ikulongolola. Khomo linali pululu, mphepo ya Disembala ikulowa ngati kwawo.

Jekete lawo linali pamsomali, nsapato zili pomwe ndinazisiya m'mawa. Ndiye kuti nkhalamba ya zaka zoyandikira makumi asanu ndi atatu, yamutu woiwalaiwala, inatuluka ndi masilipasi ndi kajuzi kopyapyala, tsiku loti madzi anali ataumira m'ngalande. Kuzizira kwa ku Maryland sikuseka ndi munthu. Ndinadziwa kuti dzuwa likalowa asanapezeke, tikatola mtembo.

Dzina la Henderson lisakupusitseni. Mayiwa anali Mjapani, dzina lobadwa nalo Kiyono. Anakwatiwa ndi msilikali wa ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo bamboyo anamwalira kale, kuwasiya m'nyumba ya ku Wheaton. Mwana wawo Christina, wogwira ntchito ku Gaithersburg, ndiye anandilemba kuti ndiziwasamalira. Ine Rahima wa ku Ntaja, amene ndinakwera ndege ndikudziona ndili mu ofesi, ndinathera posambitsa agogo a eni. Poyamba ndinkadandaula. Kenako ndinawakonda, ngakhale anali ndi pakamwa poti masiku ena ndinkafuna kuvula epuloni n'kumapita.

Ndinathamangira kumunsi. Kwathu mwana kapena wachikulire akasowa mumayamba kumtsinje ndi kuzitsime, ndipo kuseri kwa nyumbayo kuli kanjira kotsikira ku kamtsinje. Ndinasuzumira pansi pa mlatho, ndinatokosa m'zitsamba, ndikuitana mpaka mawu kusasa. Azungu oyendetsa agalu ankandilambalala ngati ndaba. Ndinaimbira mwamuna wanga, amene amayendetsa takisi.

"Che Wahab, agogo aja asowa."

"Asowa bwanji? Iwe unali kuti?"

"Mafunso mudzafunsa mawa. Bwerani."

"Ndikutsitsa customer ku Silver Spring. Imba nine-one-one, Rahima, right now. Christina wamuuza?"

Nditaimba nambalayo, apolisi anati akutumiza galimoto, ine ndibwerere kunyumba ndikadikire. Christina nditamuimbira sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangofunsa motsitsa mawu ngati mayi ake avala jekete, n'kudula foni.

Nditabwerera pabalaza ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse TV ija, koma dzanja linaima. Inali sabata ya Khirisimasi ya 2004, pomwe nyanja inakokolola anthu ku Indonesia ndi ku Thailand. Ankaonetsa madzi akubwerera m'mbuyo, mchenga uli poyera, anthu akuyendapo mosangalala. Kenako chikhoma cha madzi. TV imeneyo ndinayatsa ndine, kuti mayiwa asasungulumwe ine ndikuswali.

Mayi Henderson ankaiwala ngati adya, koma kwawo sankaiwala. Ndikamawapesa tsitsi ankandiuza za katauni ka kumpoto kwa Japan, kamene dzina lake lilime langa linakana. Ankati kanapanikizika pakati pa phiri ndi nyanja, ndipo nyanjayo imalowa kumtunda ikuchepera ngati fanulo yothirira palafini m'botolo, moti funde likalowamo limakwera msinkhu. Amuna ankakhalira m'mabwato. Akazi ankayanika ndere za m'nyanja pamitengo, zoti adye ngati ndiwo, ndipo minda ya mpunga inali timizere m'mbali mwa phiri. Pamwamba panali kachisi wa masitepe amiyala. Panjira yokwerera kumeneko makolo anaimika mwala nyanja itapha anthu ambiri kalekale, wochenjeza kuti pasakhale womanga nyumba kumunsi kwake. Anthu anamangabe, poti kusenza nsomba kukwera nazo phiri tsiku ndi tsiku n'kotopetsa.

Ndiye panali lamulo limene mwana aliyense ankaphunzira asanayambe sukulu. Nthaka ikagwedezeka, kapena nyanja ikabwerera m'mbuyo, aliyense athawire kumtunda yekha. Osadikira mnzako, osabwerera kukatenga mwana kapena mayi. Tsiku limene anandiuza zimenezi ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti kwathu munthu wothawa n'kusiya mayi ake sangadyenso mbale imodzi ndi anthu. Anangondiyang'ana pagalasi, ndipo ine ndinayesa ndapambana.

Tsopano ndinaona uchitsiru wanga. Ndinataya nthawi yonse ija kumadzi, kufunafuna munthu amene moyo wake wonse anaphunzitsidwa kuthawa madzi. Koma ku Wheaton kulibe phiri. Ndinaima pakhonde n'kuzungulira ndi maso pamwamba pa madenga. Chachitali chimene chinkaoneka chinali chinyumba chosanjikizana choimikamo magalimoto, cha ku mall, kumasitolo kumene tinkapita kukagula mankhwala awo.

Takisi ya che Wahab inafika apolisi asanatulukire. Ndinalowa isanaime bwinobwino.

"Ku mall. Parking ya pamwamba penipeni."

"Apolisi sanakuuze kuti udikire pano?"

"Adikire okha. Yendetsani."

Msewu unali wodzaza ndi anthu okabweza mphatso zimene sanazikonde. Tinakwawa mpaka kulowa m'chinyumbacho, dzuwa likupendekera, ine ndikumenya bondo. Pansanja yachiwiri ndinaona silipasi imodzi yabuluu pafupi ndi khomo la masitepe. Ndinaigula ndine. Magalimoto kutsogolo anali ataima nji, choncho ndinatsika n'kuyamba kukwera masitepe.

Pamwamba panali mphepo yokhayokha. Mayi Henderson anali pakona, atagwira khoma ndi manja onse, akuyang'ana njira yokwerera magalimoto ngati akuyembekeza munthu. Milomo inali itatuwa, phazi lopanda silipasi likutuluka magazi. Ndinavula jekete langa n'kuwafunditsa. Anandizindikira, chinthu chimene sichinkachitika tsiku lililonse.

"Wachedwa," anatero m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Unali kuti?"

"Ndimakufunani, mayi. Ndinayamba kumtsinje."

Anandimenya pamkono. Kadzanja kouma ngati chikuni, koma kanawawa.

"Unatsikira kumadzi? Kukafuna ine?"

"Eya. Tiyeni kugalimoto, mwazizidwa."

Sanasunthe. Zala zinakanirira pakhoma, ndipo nditayesa kuzimasula ndinaopa kuzithyola. Anayamba kulankhula akuyang'anabe kunjira kuja, mano akugundana.

"Ndinali kamtsikana. Nthaka inagwedezeka, ine ndinathawa monga anandiphunzitsira. Ndinali woyamba m'nyumba mwathu kufika kukachisi. Amayi anakwera mpaka pamwala uja, anayang'ana m'gulu, sanandione. Ndinali wamfupi. Ine ndinkawaona. Ndinakuwa, koma belu linkalira kwambiri. Anatembenuka n'kutsika kukandifuna kunyumba. Akanangokhulupirira kuti ndathawa."

Mawu anga aja a mbale imodzi anandibwerera, ndipo ndinachita manyazi oti ndikanalowa pansi. Ndinalira pomwepo, ndikuwasisita msana kuti afunde.

Che Wahab anatulukira ndi takisi n'kuiimika pafupi, atatsekula chitseko chakumbuyo, hita ikuwomba mpweya wotentha. Mayiwa anasiya khoma ndi dzanja limodzi n'kundigwira mpango wakumutu.

"Lonjeza," anatero. "Madzi akadzabwera, iwe ukwere. Usadzandifune. Sinditsika usanalonjeze."

"Ingoti yes, Rahima," che Wahab anatero m'Chichewa. "Mayiwa atifera m'manja. Mawa adzakhala ataiwala."

Ankanena zoona, ndipo liwulo n'lalifupi. Koma linakana kutuluka. Mayiwa ankandiyang'ana ndi maso a munthu wamutu wabwinobwino, ndipo sindikanatha kuwanamiza pa chinthu chimenechi. Ndinamasula mpango, ndinawapatsa msana n'kugwada, ndinawakokera pamsanapo n'kuwamanga monga timaberekera mwana. Analibe kulemera. Dzanja lina lija linachoka lokha pakhoma.

Anandimenya mapewa njira yonse, akukalipa m'chinenero chawo. Ndinawayankha m'changa, poti panalibenso chifukwa choti timvane.

"Menyani, mayi. Mukadzasowanso ndidzakufunani, ngakhale kumadziko."

Titafika pagalimoto anali atasiya kumenya. Anagoneka tsaya lozizira pakhosi panga n'kundikumbatira mwamphamvu, moti che Wahab anavutika kuti awamasule.