Malaya a Mphaka wa Anamwino

"Adadi, kodi zolemba za pa intaneti chiswe chimadya?"

Mwana wa Atelala anafunsa zimenezi kalekale, ndipo bambo akewo anaseka n'kumuuza kuti za kumeneko siziola. Nthawi imeneyo n'kuti atangolemba kumene tsamba lawo loyamba pa wiki, malo a pa intaneti olembapo malangizo a pulogalamu yaulere yojambulira mapatani a zovala, imene gulu lawo la anthu ongodzipereka limaikonza aliyense ali kwawo. Tsambalo linkaphunzitsa kalowetsedwe ka miyezo ya munthu, ndipo ankalinyadira ngati mwana wachisamba.

Panadutsa zaka zisanu ndi ziwiri. Anzawo a m'gululo anawalembera katatu konse kuti tsambalo latha ntchito, alifufute. Iwo ankangoyankha kuti aona, koma mumtima ankati, "Munthu n'kufufuta thukuta lake?"

Loweruka lina m'mawa Atelala akupalasa makina osokera pakhonde, anatulukira Anamwino a nyumba yoyandikana atanyamula mphaka wovala malaya a kolala ndi mabatani awiri.

"Aneba, taonani malaya amene ndasokera bambo a kunyumba!"

"Aa, bambowo afota liti chonchi?"

"Funsani tsamba lanu lija. Likuti tilembe miyezo m'mainchesi. Ine ndayeza pachifuwa, ndalemba 40. Patani yonse n'kukwana papepala limodzi! Ndiye ndinati kansalu kotsala kalipo, ndisoke ndithu, mlembi adzaone ntchito ya manja ake."

Atelala anaseka mpaka misozi, kenako kuseka kuja kunatheratu. Pulogalamuyo inasiya mainchesi zaka zitatu zapitazo, tsopano imawerenga masentimita. Ndi angati amene anasochera chonchi n'kuisiya pulogalamuyo, opanda khonde lodzadandaulirapo? Chiswe chija chinalipodi, kungoti chinkadya mwakachetechete.

Anakankhira sizasi ndi choko pambali, n'kutsegula kompyuta patebulo lodulira nsalu. Chala chinaima pa batani lofufutira.

"Dikirani kaye," anatero Anamwino. "Kuntchito kwathu fayilo yakale sititaya, timaimata chizindikiro chofiira. Nanga palibe amene akugwiritsabe ntchito pulogalamu yakaleyo?"

Analipo ndithu, anthu a makompyuta okalamba ngati ya mlamu wawo. Atelala anapumira m'mwamba, n'kulemba pamwamba pa tsambalo ndi zilembo zikuluzikulu: "Malangizo awa ndi a pulogalamu yakale ya mainchesi. Ngati yanu ndi yatsopano, dinani apa." M'munsi mwake anaikamo chithunzi cha mphaka uja atakwinya nkhope m'kolala yake.

Dzuwa lisanafike paliwombo, anzawo a m'gulu anali atayankha kuti tsambalo likhale, ndipo mphakayo asachokepo zivute zitani.

"Koma masamba anu onse ndi angati?" anafunsa Anamwino.

"Makumi awiri."

"Mayo ine! Chabwino, mwezi uliwonse ndizitsata tsamba limodzi ngati mlendo wosadziwa kanthu. Pomwe ndapunthwa, muzikonza tsiku lomwelo."

"Ndalonjeza, mayi. Malaya a bambowo ndisoka ine, pofika Lachisanu avala."

"A munthu, aneba."

"A munthu, wa chifuwa chake chonse."