Atumani Anabwera Mobisa

Atumani anabwerako ku Durban atatha zaka zisanu ndi zinayi, m'manja muli jumbo ya malaya awiri basi. Ntchito inatha, katundu anamubera, ndipo ku Tete anagona panja masiku atatu kudikira lole. Kuno ku Namwera wochokera ku Joni amatsika ndi njinga yamoto, anthu n'kumamuunjirira. Ndiye Atumani analowera kuseri kwa nyumba, n'kulamula mkazi wake Zena kuti asauze munthu, ngakhale amayi ake, a Mwanabibi, okhala kutsidya kwa msewu.

Patatha sabata ndi theka thupi linatentha. Zena anati apite kuchipatala akamubaye chala kuyeza malungo.

"Pamzere paja pamakhala mudzi wonse," anatero Atumani. "Malungo ine ndinakula nawo. Kagule panado."

Kukula nawo kumene anakula nawo, koma thupi limaiwala. Zaka zonsezo osalumidwa ndi udzudzu wakuno, magazi ake anali ngati a khanda. Zimandipsetsa mtima kuti bambo wandevu zake anaopa pakamwa pa anthu kuposa manda. Zena naye anamvera, poti ulemu.

Lachiwiri anasanza. Lachitatu maso anachita chikasu. Lachinayi mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo anayamba kumuyankhula Zena m'Chizulu. Apo m'pamene mayiyo anaitana wakabaza, n'kumufunditsa mwamuna wake chitenje kumutu, akubisabe.

Kuchipatala anamubaya chala, timizere tiwiri tosonyeza malungo tinatuluka nthawi yomweyo.

"Bambowa anali kunja?" anafunsa dokotala.

"Ku Joni, adokotala."

"Kutentha kunayamba liti?"

"Loweruka."

Dokotala anapumira m'mwamba. Anamuika diripi, n'kumubaya mankhwala a mumtsempha, chifukwa mapiritsi a LA sakanatha kumeza.

"Mayi, malungowa afika kumutu, impso nazo zikuleka kugwira ntchito. Tiyesetsa, koma kaitaneni abale lero lomwe."

Zena anabwerera wapansi. Anawapeza apongozi ake pakhonde akusankha nandolo. Anagwada patali.

"Amama, a Atumani anabwera."

A Mwanabibi anataya lichero, nandolo mbwee pansi.

"Mwana wanga wabwera? Alihamudulillahi! Ajira mdzukulu wanga, gwira tambala uja!"

Anayamba kululutira, oyandikana nawo akutuluka m'nyumba, ena akuthamanga kale. Zena anakhalabe chogwada, kudikira kuti nthungululuzo zithe kuti amalize mawu ake.