Nthutumba ya a Paston

"Nsomba ya nthutumba? Amayi, mwasochera. Nkhuku amagulitsa mbali iyo!"

Anatero Dauda, wogulitsa nsomba mumsika wa Limbe, ndipo anzake a m'mabenchi anafa nalo phwete. Esnat sanaseke. Kunyumba ku Nkolokosa anali atasiya bambo ake, a Morris, ali chigonere pamphasa, sabata yathunthu akukana chakudya. Akawapatsa phala ankatembenukira kukhoma. Chambo, usipa, ngakhale mlamba wowamba, ankangonunkhiza n'kukankha mbale. Chimene ankafuna ndi tainya, nsomba ya kwawo ku Mozambiki, kufupi ndi Kelimane.

"Sekani, achimwene, si bambo anu akufawo," anayankha Esnat. "Ine ndangofunsa. Safunsa anadya phula."

Dauda anachita manyazi, n'kuyamba kuingitsa ntchentche zimene panalibe.

"Pepani, amayi. Ngati ndi ya m'nyanja yamchere, pitani kwa a Adil, mmwenye wa mafiliji uja. Amaitanitsa za ku Mozambiki."

Nsomba imeneyi Esnat anali asanaionepo, koma anakula nayo. A Morris anali telala pakhonde la sitolo ina mu Limbe momwemo, ndipo akamapalasa makina pakamwa pawo sipankachoka tainya. Ankati imabadwira m'nyanja yamchere, ikadali kakang'ono imalowa m'mitsinje, imakula ikudya matope, ndipo matopewo imapera m'nthutumba ngati nkhuku. Ankati imadumpha m'madzi popanda woithamangitsa, nthawi zina n'kudzigwetsera yokha m'bwato. Ikakhwima imabwerera kunyanja kukaswa.

Ankaipha ndi mkulu wawo, a Paston. Nthawi ya nkhondo anthu amfuti anafika padooko, a Morris anathawira m'tchire, a Paston anatengedwa. Sanamvekenso. Panalibe maliro, panalibe manda, ndipo kwa zaka zonsezi dzina lawo silinkatchulidwa m'nyumba. Linabwerera posachedwapa, mutu wa a Morris utayamba kusokonekera. Chitseko chikangoti kwee, ankadzutsa mutu: "Kodi ndi achimwene?" Esnat funso limeneli linkamuopsa kuposa matendawo.

A Adil anafukula m'filiji mpaka pansi, natulutsa nsomba yaitali, yotuwa, yamutu waphwatalala.

"Iyi ndiye tainya. Anthu kuno saikonda, amati imanunkha matope. Ndikutumbulireni?"

"Ayi, bwana, chonde! Zam'mimbazo ndi zimene ndadzera."

Pofika kunyumba dzuwa linali paliwombo. Anapala mamba, natumbula akuopa kuti mwina Dauda ananena zoona, kuti nthutumbayo inali nthano chabe ya munthu wosowa kwawo. Chala chake chinagunda kanthu kolimba, kobulungira. Atakang'amba, munali matope akuda ndi timchenga. Esnat anakhala pansi pakhomo la khitchini, misozi ili chuchuchu. Bambo ake sananame.

Ataiphika, fungo litangolowa m'chipinda, a Morris anadzuka okha n'kutsamira khoma. Esnat anawasambitsa m'manja, nawaikira mbale. Nthutumba anaiika pamwamba penipeni, monga ankachitira nthawi zonse akapha nkhuku, poti nthutumba ndi ya mwini khomo. Apa ndi pamene analakwitsa.

A Morris anaiyang'ana, nkhope n'kusintha.

"Wakulera ndani iwe? Nthutumba ukupatsa ine, achimwene ali pomwepa?"

"Ababa, wamkulu pano ndi inu."

"Ine wamkulu? A Paston akumangirira bwato padooko. Ika pambale ina, ukawasiyire pakhomo."

Esnat anachita zomwezo. Anaika nthutumba pakambale kachitsulo, nakasiya pakhonde, n'kubwerera.

"Tsopano idyani, ababa, isanazizire."

"Wamng'ono sayamba. Adye kaye iwo."

Anapinda manja, maso ali kuchitseko. Esnat anachonderera, anagwada, anakalipa, koma zonse zinapita pachabe. Ndiwo zinazizira, mafuta n'kuundana. Milomo ya bambowo inali yong'aluka, nthiti zikuwerengeka, komabe ankadikira mwaulemu ngati kamwana kolangidwa bwino. Esnat anali atayendayenda mu Limbe monse, nsomba naipeza, ndipo tsopano bambo ake afe ndi njala mbale ili pamiyendo, chifukwa cha munthu amene mafupa ake sakudziwika kumene ali.

Anatuluka pakhonde. Kunali zii, ana a m'nyumba zoyandikana asanaweruke kusukulu. Kambale kaja kanali pomwepo. Esnat anali mayi wa mvano, ndipo zodya chakudya choikira akufa sanaziganizepo chibadwire. Koma walira mvula walira matope.

"Mundikhululukire, bambo aakulu," ananong'ona.

Anatola nthutumba ija, naiponya m'kamwa. Inali yolimba, timchenga tikulira m'mano, ndipo inkanunkha mtsinje umene iye sanauonepo. Anameza movutikira, napukuta pakamwa ndi chitenje, nalowa ndi kambale kopanda kanthu.

"Adya, ababa. Onani."

A Morris anayang'ana kambaleko, nagwedeza mutu, n'kutambasula dzanja. Anadya pang'onopang'ono, akuchotsa minga ndi luso la kale, mpaka mutu anaupsontha. Kenaka anapempha madzi. Esnat anawagwirira kapu, nkhope yake ili pafupi ndi yawo, ndipo a Morris anaima kumwa. Ananunkhiza mpweya wa mwana wawoyo. Maso awo anawala monga anali asanawalirepo chiyambire matendawo, ndipo anamugwira dzanja molimba.

"Achimwene! Mwachedwatu. Anakusiyani anthu aja?"

Esnat anafuna kunena kuti ndine Esnat, mwana wanu woyamba, amene munamusokera diresi la ukwati. Anayang'ana mbale imene inatsala minga yokhayokha.

"Anandisiya, Morris," anatero.

"Ndiye mawa tipita kumadzi?"

"Tipita. Koma udye kaye phala m'mawa."

M'mawa mwake a Morris anadya phala lonse, mbale n'kuikombeza ndi chala. Anakhala ndi moyo mpaka mvula inagwa ndi kutha, akudya chilichonse chimene mkulu wawo wawapatsa. Dzina loti Esnat sanalitchulenso.