Wailesi Yomveka Bwino ya a Zebedee

A Zebedee Mhango, kalaliki wa ku ofesi ya zankhalango, atagula wailesi yatsopano anafuna kuti dera lonse la Ching'ambo lidziwe. Anaimika nsungwi yaitali kuseri kwa nyumba, nakoka waya mpaka pamtengo wa mapeyala. Mawu ankatuluka oyera ngati wolankhulayo wakhala nawo pampando umodzi.

A Boniface, oyandikana nawo nyumba, anali ndi wailesi yakale yomanga ndi mphira. Ikatsegulidwa inkangoti waa, mwiniwake n'kumamvera atagunditsa khutu. A Zebedee ankawafunsa tsiku ndi tsiku ngati akumvera nkhani kapena akukazinga chimanga. A Boniface ankangoti yewo, basi. Kusayankhako kunkawawawa a Zebedee koposa kutukwanidwa.

Lamlungu lina atachoka kutchalitchi anaganiza zoithetsa nkhaniyi pamaso pa mboni, ndipo mboni imene anasankha inali a Frackson, tcheyamani wa nthambi ya chipani. Masiku amenewo ambiri ankamvera mawailesi akunja, koma motsitsa ndiponso atatseka mawindo, pakuti munthu ankatha kutengedwa pa chifukwa chimenecho osabweranso msanga. A Peggy, akazi awo a Zebedee, anawakokera amuna awowo kukhitchini.

"Bambo a Mary, mwaona pamene singano ya wailesi yanuyo yaima?"

Iwo anayankha kuti za mawailesi si za amayi.

Mawailesi onse awiri anaikidwa pakhonde. Inayamba ya a Boniface ndi phokoso lake lija, ndipo a Frackson anaseka mpaka kupukuta misozi. Apo a Zebedee anakonza tayi, natsegula yawo n'kukweza mpaka kumapeto kuti odutsa mumsewu amve nawo.

Inamvekadi. Mzungu wina wa kutsidya kwa nyanja ankawerenga nkhani ya Amalawi otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, liwu lililonse likumveka palokha. Amene anaima pampanda anayamba kuchoka mmodzimmodzi. A Zebedee anafuna kupotoza singano, koma a Frackson anawagwira dzanja mpaka nkhaniyo itatha.

"Wailesi yabwino chomene, a Mhango. Sindinaphonye ndi liwu limodzi lomwe. Mawa mubwere nayo ku ofesi ya chipani."

A Zebedee analumbira kuti mwina ana ndiwo anaiseweretsa. Ataona kuti sizikuthandiza, analoza wailesi inayo, nati singano yake nayonso ili pomwepo, atcheyamani aone okha. A Frackson anawerama n'kuyang'ana, ndipo zinalidi choncho.

"Koma ine m'menemu sindinamvemo Chizungu kapena Chichewa. Ndikanene kuti munthuyu amamvera chiyani?"

A Boniface ananyamula wailesi yawo, natsanzika mwaulemu.

M'mawa mwake a Zebedee anavala suti yawo ya kutchalitchi, akuti akafotokoza bwinobwino ndipo pofika masana akhala ali kuntchito. A Peggy anangowakulungira bulangeti ndi sopo.